Zikhomo zofiira za ngalande ya ku Bangwe

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chifukwa chokana kutsitsa mtengo. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa zamafoni pafupi ndi depoti ya maminibasi ku Limbe: matchaja, makava, mahedifoni, zonse zitakolekedwa pa katoni imene ndinkatha kuipinda n'kuthawa nayo aja olanda katundu wa mavenda akatulukira. Dzina langa ndine Fatsani, koma ku Limbe ndi ku Bangwe konse amanditchula kuti Tchaja, moti ngakhale amayi anga masiku ena amaiwala n'kundiitana choncho.

Tsiku lina kunabwera mayi wina atavala nsapato zikuluzikulu zafumbi ngati za msilikali. Anatenga tchaja imodzi, kuitembenuza uku ndi uku, n'kutchula mtengo woti ndikanavomera bwenzi nditagona ndi njala. Tinakokana. Iwo akakwera pang'ono, ine ndinkatsika pang'ono kwambiri, uku ndikuwauza za msonkho, za sitima imene yachedwa ku Beira, ndi za mwana wodwala amene ndinalibe. Ananyamuka kuti azipita, ine osawaitana. Anabwerera okha, n'kulipira.

"Iwe pakamwa pako sipatopa," anatero. "Umakhala kuti?"

Funso limenelo kwa venda si labwino. Ndinaganiza kuti ndi kazitape wa olanda katundu, akufuna adzandipezere kunyumba. Ndinawauza kuti ndimakhala ku Chilomoni.

"Basi ndiye. Ine ndimafuna munthu wa ku Bangwe, pali ganyu."

"Ku Chilomoni ndimangogonako masiku ena, mayi. Kwathu kwenikweni ndi ku Bangwe."

Awa anali Mayi Mlenga, saveya woyeza malo wa kampani ina imene inapatsidwa ntchito yokonza pulani ya dera lakumtunda kwa Bangwe, kumene nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka popanda msewu weniweni ngakhale ngalande. Pulaniyo inkasonyeza pamene padzadutse msewu, pamene padzakhale mipopi ya madzi, malo a msika, ndi njira imene madzi a mvula azidzatsikira osalowa m'nyumba za anthu. Iwo ankafuna munthu wonyamula zida amenenso angathe kulankhula ndi eni dera. Ine ndinadikira kuti anene zoti ndipereke kangachepe kolembetsera, poti ntchito zambiri zimene ndinamvapo zimayamba choncho n'kuthera pomwepo. Sananene. Zimenezo zinandikayikitsa kwambiri kuposa akananena, moti sabata yoyamba katoni yanga sindinaigulitse, ndinangoisungitsa kwa mnzanga.

Makina oyezera anali awiri. Ena ankaima pa miyendo itatu pamwamba pa bikoni, kachipilala ka simenti kosonyeza poyambira muyeso, osasuntha tsiku lonse. Enawo anali ngati mbale yovundikira pamwamba pa ndodo yaitali, ndipo ndodoyo ndi imene ndinkanyamula ine. Pa ndodopo pali kagalasi kozungulira kokhala ndi kathovu m'kati. Kathovuko kakachoka pakati ndiye kuti ndodo yapendekeka, ndipo muyeso wonse wanama. Mayi Mlenga ankayang'ana pa kamakina ka m'manja n'kumandiwongolera: "Kumanzere pang'ono. Wapitirira, bwerera. Kathovu pakati. Pomwepo." Akatero ndinkachotsa ndodo, n'kukhoma chikhomo cha bulugamu ndi hamala yaikulu mpaka chitsale chotalika ngati chikhatho. Pamutu pake ndinkapaka penti, wachikasu ngati ndi msewu, wofiira ngati ndi ngalande. Kenako iwo ankajambula chithunzi pafoni, ife n'kukoka tepi kupita patsogolo. Ndinapatsidwanso jekete ya olenji yonyezimira, imene ndinkaivala ngakhale popita kukagula tomato.

Anthu sanatilandire. Tikamadutsa, azimayi ankasiya kuchapa n'kuima manja ali m'chiuno. Ena ankati tikufuna kugwetsa nyumba zonse, ena ankati phirilo lagulidwa ndi anthu akunja chifukwa muli miyala ya mtengo wapatali. Bambo wina anandifunsa ngati mbale ya pa ndodo ija imamva zimene anthu akulankhula m'nyumba. Misonkhano inachitika, mapu anapachikidwa pakhoma la sukulu, koma pa mapu palibe amene ankaona chimbudzi chake. Ankayamba kumvetsa pulani chikhomo chikakhomedwa pafupi ndi khomo lake, ndipo akamvetsa ankabwera kwa ine, osati kwa Mayi Mlenga. Ine ndinali mwana wa pompo, komanso aliyense ankadziwa kuti kwa Tchaja palibe mtengo womaliza.

Venda sanena kuti ayi. Ukanena kuti ayi, kasitomala wapita kwa mnzako. Umati "tiona," umati "mubwere mawa tikambirane." Pakamwa panga panazolowera choncho, ndipo onse obwera ndi nkhuku, ndi mayunitsi, ndi madandaulo, ndinkawabweza ndi katundu wawo yemwe koma nditawauza kuti tiona.

Mmodzi mwa iwo anali a Likoswe, kalipentala wodziwika kumtunda kuja, munthu wa mpanda wa njerwa ndi shedi ya matabwa kuseri kwa nyumba. Kale kuseriko kunali kakhwawa kamene madzi a m'phiri ankatsikira. A Likoswe anakakwirira ndi zibuma, n'kukankhira mpanda wawo pamwamba pake. Makina sanadziwe kuti iwo ndi ndani, anangopeza kuti potsika kwenikweni ndi pomwepo, ndipo zikhomo zofiira ndinazikhoma ndekha m'mphepete mwa shediyo, china patsinde pa mtengo wawo wa mapeyala. Madzulo ake anandipeza pa golosale.

"A Tchaja, inu ndi ine tadziwana kalekale," anatero. Munthu amene dzana ankandinena kuti iwe, tsopano ndinali inu. "Timitengo tanu tija tatsamira kwambiri kwathu. Ndili ndi kampando kabwino, ka m'bawa weniweni. Amayi anu azikhalapo pakhonde."

"Tiona, madala," ndinatero.

Kumunsi kwa mpanda wa a Likoswe kunali kanyumba ka zidina ka Mayi Dinyero, mayi wamasiye wochokera ku Nsanje, amene ankachapa zovala m'nyumba za anthu ku Limbe. Analibe abale ku Bangwe, ndipo tsiku limene tinkakhoma zikhomo anali kuntchito. Ngalande ya papulani inkalambalala nyumba yawo bwinobwino, ndiye palibe amene anaona chifukwa chowauzira kanthu.

Kukumba kunapatsidwa kwa kontilakita wina, osati kampani yathu. Iye anabweretsa kapitawo wake ndi gulu la aganyu a mapiki, mafosholo ndi mawilibala, kuti amalize mvula isanayambe. Tsiku limene anafika pa gawo la a Likoswe, Mayi Mlenga anali pamsonkhano ku ofesi m'tauni. Anandituma ndekha kuti ndikangoona ngati zikhomo zilipo zonse.

Zinalipo zonse. Penti yemweyo, mitengo yomweyo. Koma patsinde pa mapeyala panalibe kanthu, dothi lake litasesedwa bwino kuposa pabwalo ponse. Mzere wofiira unali utachoka kuseri kwa shedi, n'kukhota ngati woledzera, n'kukalunjika pa ngodya ya chipinda chogona cha Mayi Dinyero. Aganyu anali atakoka kale chingwe kutsatira zikhomozo, ndipo dzenje linali litatsala pang'ono kufika pakhonde. Mayiwo anali atauzidwa m'mawa womwewo kuti ngodyayo igwa. Anali atatulutsa matiresi, beseni ndi mapoto, n'kukhala pa mtondo pambali pake.

Ndinaimba foni.

"Asakumbe," anatero Mayi Mlenga. "Galimoto yatuluka ndi anzathu, ndikwera minibasi. Chita chilichonse, koma asakhudze khoma."

Aliyense wodziwa Blantyre akudziwa tanthauzo la mawu oti ndikwera minibasi: kudikira kuti idzaze m'tauni, kutsika ku Limbe, kudikira ina ya ku Bangwe, kenako kukwera phiri. Ndinapita kwa kapitawo, munthu wamfupi wa chipewa cha pulasitiki, n'kumufotokozera kuti zikhomo zasunthidwa.

"Umboni uli kuti?" anafunsa.

"Ndinakhoma ndine."

"Ndiye wasunthanso ndiwe. Ife, achimwene, timatsatira zofiira. Timalipidwa pa zimene takumba, osati pa zimene tadikira." Anatembenuka. "Tiyeni nazo, anyamata!"

Ndinamupatsa foni kuti alankhule ndi Mayi Mlenga, anakana, akuti iye bwana wake ndi wina. Ndinalibe makina, zithunzi zinali m'foni ya eni ake, ndipo jekete yanga ya olenji aganyu onse anali nazo zofanana nayo. Ndinadumphira m'dzenjemo n'kuima kutsogolo kwa mapiki. Kapitawo anauza anthu awiri amphamvu kuti andinyamule ngati thumba la chimanga. Apa n'kuti nditaona a Likoswe ataima pa geti pawo, akupukuta manja ndi kansanza, nkhope ili yachifundo ngati ya pamaliro. Ndinachita chinthu chimodzi chokha chimene ndimachidziwa bwino.

"A Likoswe!" ndinakuwa kuti aliyense amve. "Nkhani yathu ija sitinamalize. Asanakumbe awa, tigwirizane kaye."

Mapiki anaima okha. Palibe munthu wa ku Bangwe amene angapitirize ntchito dilu ikukambidwa poyera. Kapitawo anakweza dzanja kuletsa aja ondinyamula. Ndinaona m'maso mwake kuti akuwerengera zinthu ziwiri: ngati mzerewu ukugulitsidwa ukhoza kusunthanso, iye n'kukumba pachabe, komanso ngati pali kudya, bwanji iye osadya nawo.

"Nkhani yanji?" anatero a Likoswe.

"Ya mpando ija. Ndaganiza, mpando wachepa."

Anabwera mofulumira m'mphepete mwa dzenje, n'kuwerama. "Tatulukani tikalankhulire kuseri," ananong'ona.

"Mwendo wagwira dzanzi, madala. Tilankhulire pompano. Abwana akubwera ndi makina, ndipo wonyamula ndodo ndine. Kathovu kaja kamamvera dzanja langa. Ndiye mpando umodzi, zoona?"

Zimenezo zinali zabodza, poti Mayi Mlenga ankayang'ana kathovuko ndi maso awo, koma a Likoswe sankadziwa. Anayang'ana anthu amene anali atayamba kudzaza, n'kuyang'ananso shedi yawo.

"Mipando iwiri," anatero chapansipansi.

"Akuti iwiri!" anakuwa waganyu wina, n'kukhala pa wilibala kuti aonere bwino.

Kunenerera kuli ndi malamulo ake, ndipo lalikulu ndi lakuti usalole munthu achoke, komanso usalole kuti amalize. Akakwiya umatsika, akasangalala umakwera. Ndinati mipando popanda tebulo ndi manyazi kwa alendo. Atavomera tebulo, ndinafunsa kuti ndi la mtengo wanji. Atati m'bawa, ndinaseka n'kunena kuti Bangwe yense akudziwa kuti m'bawa wa a Likoswe ndi paini wopaka vanishi wakuda. Apo ndinawagunda pabala. Munthu uja anaiwala za ngalande, anathamangira ku shedi, n'kubwera atasenza mpando kuti anthu aone okha. Unadutsa m'manja mwa aganyu, ena akuununkhiza, ena akuugogoda, kapitawo n'kukhalapo akugwedezeka kuti aone ngati ukulira. Mtsutso wa mpandowo wokha unatidyera nthawi yabwino ndithu, ine ndili m'dzenje, dzuwa likundiwotcha pamutu, maso ali kunjira yochokera kumsika.

"Chabwino, ndi m'bawa," ndinatero. "Ndiye chifukwa chake ndikufuna bedi."

"Bedi! Iwe uli ndi mkazi?" Ulemu wa inu uja unathera pomwepo.

"Ndikapeza bedi, mkazi apezeka."

Anthu anaseka, ine ndinasekanso, mpaka pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Anali Mayi Dinyero. Sanakuwe, koma onse anamva.

"Nyumba yangayi mukuigulitsa ine ndili pompano?"

Sindinacheuke. Ndikanawatsinzinira diso, a Likoswe akanaona, masewero n'kutha, mapiki n'kuyambanso. Ndinangoyang'ana a Likoswe, n'kunena kuti bedi likhale la mutu wosema maluwa.

A Likoswe anavomera bedi mano ali gwa. Kapitawo anati iye kabenchi kokha kamukwanira, ndipo tsopano azikumba. Kunjira kunalibe munthu. Ndinati ndaiwala chinthu chimodzi: zovala ndiziika pati? Pakufunika wadilopu ya zitseko ziwiri, ya galasi.

Apo munthu uja anaphulika.

"Wadilopu ya chiyani, wakuba iwe? Wagwirapo ntchito yanji? Zikhomozo ndazula ndekha ndi manja angawa, ndakhomanso ndekha, iwe uli mtulo kwanu! Ukufuna kulipidwa pa thukuta langa?"

Gulu lonse linati "Eee!" Azimayi ena anawomba m'manja. Kapitawo anadzuka pa mpando uja mofulumira ngati watentha. A Likoswe anazindikira zimene anena madzi atafika kale m'khosi. Ine chifukwa cha chizolowezi, komanso poopa kuti zinthu zingazizire, ndinati, "Ndiye tisiye wadilopu, muonjezere matiresi."

Mawu amenewo ndi amene Mayi Mlenga anawamva akutsika pa njinga yamoto ya kabaza, bokosi la makina lili pamiyendo. Za kuulula kwa a Likoswe sanazimve. Anamva za matiresi.

"Fatsani, tuluka m'dzenjemo," anatero.

Sanandipatse ndodo. Anaimika makina pa bikoni, n'kupatsa ndodoyo kapitawo, iwo akuyang'ana kathovu okha. Malo alionse amene kamakina kanalira posonyeza poyenera chikhomo anali kuseri kwa shedi ya a Likoswe. Patsinde pa mapeyala anapalasa ndi nsapato, bowo la chikhomo chakale n'kuonekera litatsekedwa ndi chitsononkho. Anaonetsa anthu zithunzi za m'foni. Aganyu anakwirira dzenje limene anakumba pachabe akutukwana a Likoswe, ine, ndi pulani yomwe. Khoma la Mayi Dinyero silinakhudzidwe. Patapita masiku, mbali ya mpanda ndi shedi ya a Likoswe zinachotsedwa motsatira ndondomeko, ngalande n'kudutsa m'khwawa lake lakale.

Ndinkayembekezera kuti wina andiyamikira. Tikutsika phiri tsiku lomwelo, ndinafotokozera Mayi Mlenga zonse, ndipo anthu angapo anandichitira umboni. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo ajawa anayamba liti kukulonjeza mpando?" anafunsa.

"Tsiku lomwe tinakhoma."

"Iwe unawayankha chiyani?"

"Ndinati tiona."

"Ine unandiuza?"

"Sindinakuuzeni, mayi."

"Akanavomera wadilopu ndi matiresi, ukanatani?"

"Ndikanapempha galimoto, mayi."

Sanaseke. Ntchito sanandichotse, koma kwa nthawi yaitali penti ndi hamala zinkagona m'galimoto yokhoma, ndipo ndikamalankhula ndi mwini puloti aliyense iwo ankaima pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Sindinawadandaule. Inenso ndikanakhala iwo sindikanamukhulupirira Tchaja.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, tsopano ku Machinjiri ndi madera ena kumene tauni ikufalikira, ndipo makina a m'manja aja ndimatha kuwawerenga ndekha. Chimene ndinatengapo ku Bangwe n'chakuti chikhomo chimene wachiona munthu mmodzi yekha chili ndi miyendo. Masiku ano sindikhoma chofiira mwini nyumba yakumunsi asanabwere. Wakumtunda amabwera yekha, ngakhale osamuitana, amabweranso ndi mphatso. Wakumunsi, amene madzi akalakwitsa njira amalowa kwa iye, kawirikawiri amakhala kuti wapita kuganyu ndipo palibe womuuza. Ndimamudikira, kapena ndimabwereranso Loweruka. Ndimamupatsa hamala kuti amenyepo yekha kamodzi, aone mtengo kapena mwala umene chayandikana nawo, ajambule pafoni pake ngati ali nayo. Kuyambira pamenepo chikhomocho chili ndi mlonda amene sitimulipira.

Mayi Dinyero ndinapita kukawafotokozera mvula itayamba, madzi akuthamanga m'ngalande kudutsa pambali pa nyumba yawo, pakhonde pali pouma. Ndinawauza kuti zonse zija zinali zongotaya nthawi kuti abwana afike. Anandipatsa mpasa, anandimvetsera mwaulemu, n'kupukusa mutu.

"Inu simunagwirizane mtengo basi," anatero. "Bambo aja akanakhala ndi wadilopu yopangapanga, bwenzi ine ndikugona panja."

Ndinalumbira, ndinatchula mboni, ndinalankhula mpaka tiyi anazizira. Ndagulitsapo mahedifoni olira khutu limodzi kwa anthu ophunzira, koma mayi amenewa ndinalephera kuwagulitsa chilungamo. Nyumba yawo ilipobe, anaikhoma malata atsopano chaka chatha. Ndikamadutsa amandipatsa moni bwinobwino, kenako amadzuka n'kupita kukayang'ana m'mphepete mwa ngalande ngati zonse zili m'malo mwake.